Duwa la Malova

Duwa limenelo ndine ndinalibweretsa mu Estates, komboni yathu ya antchito a m'mafakitale, ndipo ngati alipo wotsutsa abwere andiuze pamaso. Ndinapatsidwa ndi mayi wina wa Chimwenye amene ndinkamuchapira zovala, mkazi wa injiniya amene anabwera kudzamanga makina pa fakitale ya zitini kumene amuna anga, a Lastone Tembo, ankagwira ntchito. Tsiku lochoka, mayiyo anandipatsa timitu tofiira tokulunga m'nyuzipepala. Ine ndinayesa ndi anyezi, ndinathokoza kuti tapeza zothira m'ndiwo. Iye anapukusa mutu, n'kuloza pansi, n'kuloza kumwamba kochokera mvula. Chizungu chake ndi changa sizinkamvana, ndiye dzina lenileni la duwalo sindilidziwa mpaka lero.

Ndinabzala pansi pa windo la kuchipinda. Mvula itagwa panatuluka masamba aataliatali a mizeremizere, kenako kaphesi kowonda, kenako duwa lachikasu la timadontho tofiirira pakati. Kukongola kwake sindikana. Koma khalidwe lake ndiye lodabwitsa. Silimasula m'mawa anthu akudzuka, ayi. Limadikira dzuwa likwere, amuna apite ku ntchito, ana apite ku sukulu, iwe wasesa, wachapa, wayanika, ndiye limatsegula. Ukamatsuka mbale za masana layamba kale kupota, ndipo pofika madzulo pamatsala kansanza konyowa pa phesi. Mawa lake kumasula lina, nalonso chimodzimodzi.

A Lastone ankachoka huta ya ku fakitale ikalira m'mawa, n'kubwera ikalira ya madzulo. Ankaima pa windo lija, chipewa chawo cholimba cha ku ntchito chili m'khwapa.

"Amake Towela, maluwa anu aja ali kuti? Ine ndiona chabe udzu."

"Linamasula, atate ake Towela. Mwachedwa."

"Linamasulira ndani?"

"Ine."

"Aa, ndiye ndi duwa la malova limeneli. Munthu wa ntchito sangalione."

Ankaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuwaponyera nsanza yokolopera. Masiku amenewo m'nyumba mwathu munali kuseka.

Timitu tija timaswana ngati mbewa. Chaka chachiwiri ndinagawira mkazi wa ba Morris, aneba athu, iye anagawira a kutchalitchi kwawo, ndipo posakhalitsa mzere wathu wonse unali nalo duwalo pansi pa mawindo. Dzina linayenda pamodzi ndi timitu. Mufunsa kuti nanga pa Sondo amunawo sankaliona? A Lastone anali mkulu wa mpingo, ankachoka m'mawa kukatsegula tchalitchi, kubwera dzuwa litapendeka atatha misonkhano yawo yosatha ija. Loweruka ankagwira mpaka masana, kuchoka apo ku mpira. Tchuthi ankatenga m'chilimwe kupita kwawo ku Katete, nthawi imene duwalo lauma masamba, lagona m'nthaka. Poyamba zinkangochitika zokha. Kenako amuna a mu mzere wathu anazisandutsa lamulo. Mwamuna akadwala n'kukhala pakhomo m'nyengo ya mvula, ankauza mkazi wake kuti atseke katani. Ba Morris atathyoka mwendo ankatulukira khomo la kuseri, akudumphira pa ndodo, kuopa kuona duwa. Tsiku lobwerera ku ntchito anzawo anawalandira pa geti ndi kukuwa, "Morris, waliona?" Iwo analumbira pali mayi awo kuti sanalione. Ife akazi tinkangoti ana aakulu awa, asiyeni.

Ndiye boma linayamba kugulitsa makampani. M'mashopu munadzaza zigubu ndi ndowa za pulasitiki zochokera kunja, zotchipa, zamitundumitundu. Zitini zathu ndani akanazifunanso? Makina anayamba kugwira masiku ena, masiku ena kupuma, mpaka m'mawa wina huta sinalire. Anauza antchito kuti apite ku nyumba, adzawaitana ogula atsopano akabwera. Basi, mawu ake anali omwewo.

Tsiku lotsatira a Lastone anadzuka nthawi yawo ya masiku onse. Anasamba, anavala ovololo, anatenga chipewa.

"Mupita kuti?" ndinawafunsa.

"Ku ntchito."

"Ntchito iti?"

"Ogula akabwera apeze ndani pa geti? Fitala wa makina aja ndine. Simufuna kuti apeze munthu wina ataima pamalo panga."

Ndinaona ngati ndi za sabata imodzi, mtima ukhazikike. Mvula inatha, chilimwe chinapita, mvula inabweranso, inathanso. Iwo tsiku ndi tsiku pa geti, pamodzi ndi anzawo. Ndipo ovololo ankafuna yosita, chifukwa ogula sangalembe munthu wa makwinya. Ine Winfrida, mwana wa a Zulu, ndinkakoleza makala kusanache kuti ndisite ovololo ya munthu wokakhala pansi pa mtengo.

Wodyetsa nyumba tsopano ndinali ine. Mwana wathu Towela anali atakwatiwa ku Kabwe, nayenso ali ndi ake mavuto, sindikanamulirira. Ndinayamba geni ya nsomba. Ndikatha kusita ndinkathamangira ku mtsinje kukadikira mabwato, kulimbana ndi amayi anzanga, kukokerana nsomba ngati agalu. Kuchoka apo beseni pamutu mpaka pa msewu, minibasi ya ku Lusaka, kondakitala akutukwana kuti madzi a nsomba anyowetsa anthu. Ku msika wa Soweto ndinkakhala pa dzuwa kuingitsa ntchentche mpaka beseni lithe. Pobwera kunali kutada, miyendo itatupa, nsapato sizikuvuka. Fungo la nsomba linandilowa m'khungu, ngakhale kutchalitchi anthu ankasendera pang'ono pa benchi. Ndinatopa, abale. Kutopa kwake si kuja kogona n'kudzuka uli bwino. Ndinkadzuka nako, kupita nako, kubwera nako.

Duwa lija nanenso ndinasiya kuliona. Ndinkachoka lisanatsegule, kubwera litafota. Linkamasulira nkhuku za aneba.

Chaka chimenecho mvula itagwa kwa masabata angapo, kunabwera mlongo wanga Lemmy pa Sondo madzulo. Lemmy ali ndi munda ku Shimabala, m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, amalima repu, kabichi ndi chimanga chachiwisi. Ndi wa mipingo yatsopano ija, sangamalize mawu osatchula Yesu, koma mtima ali nawo wabwino. Anakhala pa khonde, anamwa madzi, anayang'ana miyendo yanga nthawi yaitali.

"Alamu," anatero kwa a Lastone, "ine ndabwera ndi nkhani imodzi chabe. Munda wandikulira. Kumunsi kuli chigawo chonse chikungomera udzu, chili pafupi ndi chitsime, kuli ndi kanyumba. Ndinagula pampu ya dizilo koma imandivuta, ikafa ndiwo zimauma. Inu makina mumawadziwa. Bwerani mutenge chigawocho mulime zanu, pampu muzindiyang'anira. Mlongo wangayu apume, m'dzina la Yesu."

Mtima wanga unadumpha. Ndinayang'ana pansi kuti ndisaonetse.

"Zikomo, mlamu," a Lastone anayankha. "Koma ine ndili pa ntchito."

"Ntchito iti, alamu?"

"Ogula ali pafupi. Ba Ferdinand amva kuti afika mwezi uno."

Ba Ferdinand anali kapitawo wawo pa fakitale, ndipo ndi iwo ankabweretsa mbiri pa geti. Mwezi uliwonse ogula anali pafupi. Lemmy anapukuta kumaso ndi kansalu.

"Ndinene mosabisa. Pali m'bale wina wa kutchalitchi kwathu akuchifuna chigawocho, wandivutitsa maningi. Ndamuuza kuti ayembekeze ndifunse a kwathu. Koma nthaka sidikira, mvula yayamba. Pa Sondo likubwerali ngati simunabwere, ndimupatsa."

Lemmy atapita ndinatseka chitseko kuti aneba asamve, koma anamva ndithu.

"Mwakana chifukwa chiyani?"

"Ndinachoka ku Katete kuthawa khasu, amake Towela. Ndinaphunzira ntchito ya manja, ndili ndi mapepala. Manje ndikakhale wolima repu pa munda wa mlamu wanga, anzanga akulowa pa geti?"

"Alowa liti? Pa geti paja pamera udzu! Onani miyendo yangayi. Onani, musayang'ane kumbali!"

"Pirirani pang'ono."

"Ndapirira mpaka kupirira kwandithera. Inu ndinu lova, atate ake Towela. Lova wovala ovololo yosita."

Sanakweze mawu. Anangoimirira, n'kukonza kolala ya shati.

"Lova amakhala pa nyumba," anatero. "Ine simunandipezepo pa nyumba masana."

Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka. Sankaseka. Munthu wamkulu, wa imvi m'mbali mwa makutu, chimene chinamutsalira chinali chimenecho, kuti masana sapezeka pa nyumba.

Sabata imeneyo ndinayesa zonse. Ndinalankhula mofatsa, ndinalira, ndinawatumira abusa, abusa anabwerako atauzidwa za ogula. Masiku ankapita. Lachisanu ndinadzuka monga mwa masiku onse, ndinasita, iwo anavala n'kupita. Ndinatenga beseni kuti ndizipita ku mtsinje, koma nditafika pa sitepe ya khonde miyendo inakana. Sikuti inapweteka kuposa masiku ena. Inangokana basi, ngati bulu. Ndinakhala pansi beseni lili pa miyendo, kunja kukuyera, anthu akudutsa kupita ku minibasi. Ndinaganiza za m'bale wa kutchalitchi uja akulima chigawo chathu. Ndinaganiza za ine chaka chamawa, ndi chinacho, ndili ndi beseni lomweli.

Pamenepo maso anga anagwera pansi pa windo. Maphesi anali ataimirira, ndipo pa limodzi panali mphukira yonenepa, chikasu chikuonekera kunsonga. Amene analisunga duwalo amadziwa, ikafika potero ndiye kuti imasula lero.

Sindinaganize nthawi yaitali, ndikanaganiza sindikanachita. Ndinatenga chitini chakale cha ku fakitale komweko, chimene tinkatungira madzi. Ndinakumba ndi mpeni mozungulira, ndinanyamula tsinde lonse ndi dothi lake, ndinaika m'chitini, ndinathira madzi pang'ono. Miyendo imene inakana kupita ku mtsinje inavomera kupita ku mafakitale. Ndinayenda pang'onopang'ono, chitini ndachikumbatira, mphukira ikugwedezeka pafupi ndi chibwano changa. Mkazi wa ba Morris anandiona ali pa mpopi.

"Amake Towela, muli shani? Mupita nalo kuti limenelo?"

"Ku ntchito," ndinamuyankha.

Chitsekereni fakitale ndinali ndisanafikeko. Geti linali lomanga ndi unyolo wa dzimbiri. Mkati udzu unafika m'chiuno, pa denga panali nkhunda. Kunja, pansi pa mtengo wa mango, panali amuna athu. Anali ambiri ndithu, onse m'maovololo ochapa bwino, ena atakhala pa njerwa, ena pa zipewa zawo. Anakumba nsolo pansi, ndipo maenje ake anali atazama ndi kusalala chifukwa cha manja a tsiku ndi tsiku. Ba Ferdinand anali chiimire, akufotokoza kuti mlonda wa usiku anaona azungu awiri atsika m'galimoto n'kuyeza mpanda ndi tepi, ndiye kuti mphekesera yoti ogula afika pa ndeke Lolemba ndi yoona.

Atandiona analeka. Mkazi sankafika pamenepo. A Lastone anali pa nsolo, miyala ili m'manja. Anadzuka msanga.

"Kwagwanji? Ndi Towela?"

"Towela ali bwino."

Ndinadutsa pakati pawo, ndinaika chitini pambali pa nsolo, pamene dzuwa linkalowera pakati pa masamba a mango. Ndinayala chitenje, ndinakhala pansi, ndinatambasula miyendo yanga yotupa ija kuti aliyense aione.

Palibe amene anafunsa kuti n'chiyani. Aliyense wa iwo anali nacho pansi pa windo la kwake. Ba Morris anayamba kuseka.

"Awe mwandi! Ba Tembo, atibweretsera!"

Anayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza kuseka, sanamupeze, kuseka kunawathera pakamwa.

"Amake Towela," anatero ba Ferdinand, "pano ndi pa ntchito. Ulemu muli nawo?"

"Ndinali nawo, ba Ferdinand. Unathera mu minibasi."

"Chotsani chinthu chanucho."

"Chotsani ndinu. Si udzu chabe?"

Sanachikhudze. Palibe anachikhudza. A Lastone anawerama pafupi nane, analankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Winfrida, tiyeni ku nyumba. Tikakambe kumeneko."

Anali asananditchule dzina langa pa anthu chikwatirane. Koma ndinati, "Ku nyumba masana? Inu?"

Anakhala pa njerwa yawo.

Ndiye tinadikira. Apa ndiye panali povuta, chifukwa duwalo silifulumizidwa. Mphukira inangokhala duu. Ndinayamba kuopa kuti mwina ndadula mizu, mwina kugwedezeka kwa m'njira kwaikhumudwitsa, ndiye ndikhala mkazi wamisala amene anabweretsa udzu m'chitini pa geti la amuna. Ena anayesa kupitiriza nsolo koma ankataya miyala m'maenje olakwika. Ba Ferdinand anayambanso za azungu a tepi, mawu awo akumveka okha. Ntchentche zinandipeza ngakhale ndinalibe nsomba.

Kenako nsonga ya mphukira inalekana pang'ono. Amene simunaonepo, limatsegula munthu ukuona, pang'onopang'ono ngati dzanja la mwana amene wagona. Tsamba limodzi linagwera kunja, linzake linatsatira, lachitatu linakakamira kaye kenako linamasuka. Chikasu chake chinali chowala, timadontho tofiirira tija tili pakati, chonsecho chitaima m'chitini chimene manja a amuna omwewa anapanga.

Bambo wina wachikulire anatembenuka n'kuyang'ana ku mpanda. Wina anavala chipewa n'kuchikokera kumaso. Ba Morris anayang'ana, kukamwa kuli yasa, n'kunena motsitsa, "Kansi ndi chabwino chonchi." Ba Ferdinand anachoka, anakaima pa geti penipeni atagwira unyolo, atatipatsa msana.

A Lastone sanayang'ane kumbali. Analiyang'ana nthawi yaitali, miyala ya nsolo ikadali m'manja. Ndinkadikira kuti akalipe, kapena alimenye ndi nsapato. Ndikanakonda akanatero.

"Ndiye ndi limeneli," anatero.

"Ndi limeneli."

Anaika miyala pansi umodziumodzi.

"Mwandivula, amake Towela."

Mkwiyo umene unandinyamula kuchoka ku Estates unali utapita, sindikudziwa kuti unapita nthawi yanji. Panatsala chisoni ndi manyazi. Ndinayang'ana amuna aja, makolala awo osita, nsapato zopukuta zong'ambika m'mbali, ndipo ndinadziwa kuti m'nyumba iliyonse muli mkazi wokoleza makala kusanache ngati ine. Ndinadzuka movutika, ndinakutumula chitenje. Chitini ndinachisiya pomwepo.

Ulendo wobwerera unali wautali. Ndinafika pa nyumba, ndinakhala pa sitepe pomwe paja, pafupi ndi dzenje limene ndinakumba. Maluwa ena otsala pansi pa windo anali atamasula nawonso, koma sindinawayang'ane kawiri. Ndinkaganiza kuti munda ndautaya, mwamunanso ndamutaya. Munthu wochititsidwa manyazi pamaso pa anzake amatha kukwera basi ya ku Katete osatsanzika, kapena kulowera ku kachasu, kapena kuchita choposa pamenepo. Mu mzere wathu tinali titaika kale amuna awiri amene sanadwale matenda ooneka. Sindinaphike. Sindinalowe m'nyumba. Ndinangokhala, kumvetsera miyendo ikugunda.

Dzuwa lili pamutu ndinamva amayi a pa mpopi asiya kulankhula. Ndinadzutsa mutu. A Lastone ankabwera pakati pa msewu wa mu mzere wathu, masanasana, akazi onse akuona. Dzanja limodzi anakumbatira chitini. Dzanja lina anagwira chipewa chawo cha ku ntchito pamwamba pa duwa, kulitchingira dzuwa. Ankayenda mosamala kuti asalikhutchumule. Sanapereke moni kwa aliyense, ndipo palibe anawapatsa moni.

Analowa pa mpanda, anaika chitini pa sitepe, anakhala mbali inayo. Chitini chinali pakati pathu.

"Layamba kupinda m'mphepete," anatero. "Ndayesa kulitchinga."

"Si dzuwa. Ndi mmene limachitira."

"Ngakhale mulithirire?"

"Ngakhale mulithirire."

Anagwedeza mutu. Tinaliyang'ana limodzi. Masamba aja anayamba kubwerera mkati, kupotana, chikasu chikuzimirira. Nkhuku ya aneba inabwera kudzapalasa pa dzenje lija, palibe anaiingitsa. Patapita nthawi anafunsa, osandiyang'ana.

"Zaka zonse zija, ine ndili ku makina, inu munkakhala pano n'kumaliona nokha?"

"Nditatha kuchapa."

"Simunkasungulumwa?"

"Ndinkasungulumwa. Koma miyendo inali yabwino."

Anayang'ana miyendo yanga. Ulendo uno anaiyang'anadi, kuyambira m'maondo mpaka ku zala zotupa zija. Ndinafuna kuibisa m'chitenje, ine yemwe ndinaitambasula pa gulu.

"Anzanu mwawasiya kuti?" ndinafunsa.

"Morris wapita kwawo. Ena akadali pomwepo. Ba Ferdinand ati Lolemba."

Duwa linatha ife tili pomwepo. Panatsala kansanza konyowa kaja, kamene iwo ankakapeza madzulo aliwonse n'kumandiseka nako. Anakakhudza ndi chala, kanawamatirira, anapukutira pa ovololo. Kenako anayamba kumasula mabatani, kuyambira pakhosi kutsika, pang'onopang'ono ngati munthu amene zala zazizira. Anavula manja onse awiri, anatsala ndi vesiti. Mapewa awo anali ataonda, ndinali ndisanazindikire.

"Ku Shimabala," anatero, "pa munda wa mlamu, munthu amatsikira pati?"

Mawu amenewo ndinawapempherera sabata yonse. Ndinkayesa kuti ndikadzawamva ndidzaimba nthungululu mpaka ku mpopi. Koma sindinaimbe. Ndinawauza movutika kuti amatsikira pa mtengo waukulu pamene amayi amagulitsa tomato, n'kulowa kumanzere.

"Chabwino," anatero. Anatenga chipewa chija, anachitembenuza, anayang'ana mkati mwake, n'kuchiika pansi pafupi ndi chitini. "Mawa musakoleze makala, amake Towela. Palibe chosita."

Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukaika madzi pa moto. Nsimbi inali pa tebulo pamene ndinaisiya m'mawa, phulusa likadali mkati. Ndinakhala pa mpando pafupi nayo, ndinaphimba kumaso ndi chitenje kuti a panja asamve, ndipo ndinalira.